Aphunzitsi a Bwerezani a ku Lifou

Neville Krause anafika ku Lifou, chilumba cha pakati pa nyanja kum'mawa kwa Australia, ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, atanyamula sutikesi imodzi ndi satifiketi yoikidwa m'galasi. Satifiketiyo anaipeza pa maphunziro a masabata anayi a pakompyuta, ndipo inkanena mosachita manyazi kuti mwini wakeyo angathe kuphunzitsa Chingerezi kulikonse pansi pa thambo. Kwawo ku Toowoomba, ku Australia, anali atagulitsa makapeti zaka zoposa makumi awiri, mpaka sitolo inatsekedwa, mkazi nayenso n'kulongedza zake. Atakhala pansi kusinkhasinkha za zomwe zamutsalira, anapeza kuti ali ndi chinthu chimodzi chimene sanachikhetsere thukuta koma anthu ena amachifuna: chilankhulo chimene anayamwira kwa mayi ake.

Amene anamuitana anali amayi a bungwe la ogulitsa malonda pagombe la Easo, pamene alendo a sitima zikuluzikulu amatsikira. Amayiwa amagulitsa vanila wonunkhiritsa zakudya, madilesi, mikanda ya zigoba ndi kokonati wakumwa. Ankafuna Chingerezi chogulitsira malonda, basi.

Ngakhale mbuzi za pachilumbachi zimadziwa kuti mlendo akafika amapereka kansalu kwa eni nthaka n'kulankhula mawu awiri atatu modzichepetsa. Neville anapereka kakhadi kolembedwa dzina lake. Akuluakulu anakatembenuza uku ndi uku, n'kukabweza mwaulemu.

Tsiku loyamba m'holo ya tchalitchi, amayi khumi ndi asanu atakhala pamabenchi, anawauza kuti kwawo ankaphunzitsa kuyunivesite. Bodzali sanalikonzekere. Linangotuluka lokha ataona momwe ankamuyang'anira mwaulemu, ndipo litatuluka linamukomera ngati malaya omukwana.

Kaphunzitsidwe kake kanali kamodzi. Ankatsegula buku limene anagula pabwalo la ndege, kuwerenga chiganizo, n'kukuwa kuti abwereze. Munthu akapanda kumva, iye ankanena zomwezo mokweza, ngati kuti Chingerezi chimalowa bwino m'khutu logontha. Sabata isanathe, chilumba chonse chinkamutchula kuti a Bwerezani.

Kutsogolo kunkakhala Honorine Waheo, mayi wamasiye wolima vanila. Ankalankhula Chidrehu cha kwawo, Chifalansa cha kusukulu, Chinengone cha kwawo kwa malemu amuna ake, kuwonjezerapo Chingerezi chotolatola kwa alendo.

"Aphunzitsi," anafunsa tsiku lina, "mwati tizifunsa kuti sitima yapamtunda yopita ku Sydney inyamuka nthawi yanji. Tikaikwerera kuti? Pachilumba pano njanji sitinaionepo."

"Mayi Waheo, nkhani si imeneyo. Bwerezani."

"Ine ndikufuna kudziwa kuti mzungu akanena kuti vanila wanga wadula, ndimuyankhe bwanji osamutukwana."

"Zimenezo zili m'buku lachiwiri."

Buku lachiwirilo palibe analionapo. Honorine akafunsa chifukwa chake mawu awiri olembedwa mofanana amatchulidwa mosiyana, Neville ankayang'ana kudenga, kukhosomola, n'kunena kuti ndi mmene chilankhulocho chilili, mwini wake amangodziwa. Madzulo akapita kugolosale ankadandaulira aliyense womva Chingerezi kuti amayi a kuno ndi ouma mitu. Mwini wakeyo pa zaka zisanu ndi chimodzi zimene anakhala pachilumbapo anaphunzira mawu awiri a Chidrehu, moni ndi zikomo, ndipo ankawasinthanitsa. Paukwati akamupatsa bunya, chomwe ndi chilazi ndi nkhuku zophikidwa m'masamba a nthochi pamiyala yamoto, ankati chakudya cha kuno n'cholemera m'mimba, kwinaku akutambasula dzanja kachiwiri.

Tsiku la sitima ankalikonda kwambiri. Ankavala malaya oyera, kuima pamthunzi ndi kope m'manja, ati akuyesa ophunzira ake mayeso. Ndi momwe anaimira Lachisanu lina, pafupi ndi tebulo la Honorine, pamene mayi wina wonenepa wovala chipewa chofiira anatulukira m'gulu la alendo n'kuima njii.

"Neville! Neville wa makapeti!"

Neville anayang'ana kunyanja ngati oitanidwayo ali m'madzi.

"Col, tabwera udzaone!" mayiyo anakuwira mwamuna wake. "Si uja anatigulitsa kapeti yobiriwira ya pabalaza, ija inayamba kusosoka chaka chisanathe? Neville iwe, wandiiwala? Ndine Beryl, Beryl Dunstan! Ukutaniko kuno?"

Amene anayankha ndi Honorine, m'Chingerezi chomveka bwino chimene sichinachokere m'buku lililonse.

"Awa ndi aphunzitsi athu, mayi. A kuyunivesite."

Beryl anaseka mpaka kugwirira tebulo. "Yunivesite? Ameneyu? Mwina anapitako kukayala kapeti mu ofesi!"

Amayi a matebulo onse anamva, ndipo chimene chinamuwawa kwambiri Neville n'chakuti anamva mawu alionse, popanda wowauza kuti abwereze. Palibe anaseka. Wina anayamba kukonza mikanda yokonzedwa kale, wina kusenda kokonati. Neville anapinda kope lake n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba, dzuwa likumuwotcha padazi.

Masiku atatu sanatuluke. Analongedza zovala, n'kuzimasulanso, chifukwa atayesa kuganiza za munthu woti akamulandire ku Toowoomba, m'mutu mwake simunabwere nkhope iliyonse. Tsiku lachinayi Honorine anafika ndi chilazi chokulunga m'nsalu, n'kukhala pakhonde osadikira kuitanidwa.

"Mwadwala, aphunzitsi?"

"Musanditchule choncho, Mayi Waheo. Mwamva nokha."

"Aa, zimenezo? Tinkadziwa kalekale. Mwana wanga wa kutauni ku Nouméa anakufufuzani pafoni sabata yoyamba yomwe ija. Chithunzi chanu tonse tinachiona, mutagwada pakapeti, mukumwetulira ngati mwawina mpikisano."

Neville anakhala pansi pang'onopang'ono. "Nanga bwanji simunandithamangitse?"

"Tikuthamangitsireninji? Muholo muja muli fani. Ndiponso Lachiwiri masana amuna amadziwa kuti amayi ali kusukulu, sawatuma kumunda. Kupuma kotereku kumapezeka kuti?"

Neville akanakonda kutukwanidwa. Zaka zonsezi ankadziona ngati nyali ya pachilumba, pomwe anthu ankangodzera mphepo.

"Koma imvani," anapitiriza Honorine. "Munthu wogulitsa kapeti yosachedwa kutha, wogulayo n'kumusangalalirabe patapita zaka zonsezi, ameneyo malonda amawadziwa. Lachisanu kukubwera sitima ina. Mudzavale malaya oyera aja, koma kope mulisiye."

Anapita, chifukwa kwina kopita kunalibe. Poyamba anangoima kuseri kwa tebulo, khosi lili gwa ngati tambala wonyowa ndi mvula. Kenako bambo wina anatola mtolo wa vanila, kuununkhiza, n'kunena kuti wadula. Apa pakamwa pa Neville panatseguka pokha. Anafunsa bamboyo kumene akuchokera, anayamikira nsapato za mkazi wake, anafotokoza za duwa la vanila limene mayi amalikwatitsa ndi manja limodzilimodzi m'mamawa, nkhani imene anaimva kambirimbiri osaisamala. Lilime lija linkapunthwa pa funso lililonse la m'kalasi linkayenda ngati lapakidwa mafuta. Dzuwa lisanafike paliwombo, patebulo panali patayera.

Kuyambira pamenepo kalasi ya Lachiwiri amaphunzitsa ndi Honorine, ndipo amayi anadziwa kukana kutsitsa mtengo uku akumwetulira. Neville amakhala benchi yakumbuyo, miyendo atapiringiza, n'kumagwedeza mutu ngati woyendera masukulu. Amene akuganiza kuti manyazi aja anamuphunzitsa kudzichepetsa sakumudziwa. Alendo amawauza kuti ndi mlangizi wa zamalonda wa bungwe lonse, ndipo amayi amangomusiya, poti mlangiziyo ndi amene amanyamula matebulo sitima ikapita.

Chaka chatha bungwe linaitanidwa kuchionetsero cha zaulimi ku Nouméa. Neville anasita malaya awiri n'kumetetsa tsitsi. Amayi atakumana anasankha Honorine ndi mng'ono wake Edwige kuti apite, ndipo Neville anapatsidwa udindo wotsala kuyang'anira vanila amene anayanikidwa pabwalo. Tsiku lachiwiri mitambo inachita bii kuchokera kunyanja. Neville anathamanga ndi mathileyi kulowetsa m'nyumba, mpaka kuterereka n'kusupuka bondo, koma palibe mtolo ndi umodzi womwe unanyowa. Nkhani imeneyi akuifotokozabe mpaka lero kwa aliyense woima patebulo, ndipo nthawi iliyonse mvulayo imakula.