Des Varga ndi Zitseko za ku Elizabeth

Tsiku limene galu anamung'ambira thalauzi, Des Varga anakhala pansi m'mbali mwa msewu m'tauni ya Elizabeth, dzuwa la Januwale likuswa mtengo, n'kuyamba kulira. Bambo wa imvi zake.

Kuyambira ali mnyamata ankamanga injini pafakitale ya magalimoto. Itatsekedwa, ntchito yokhayo imene anapeza inali yoyenda khomo ndi khomo, kukopa anthu kuti asiye kampani yawo ya magetsi n'kulowa ina. Malipiro a pamwezi panalibe. Ukapanda kusainitsa munthu, wayenda ulere. Wosainayo akasintha maganizo m'masiku oyambirira, thukuta lako lapitanso pachabe.

Tsono Des anali wachibwibwi. Asanamalize n'komwe kupereka moni, chitseko chinkakhala chitatsekedwa.

"Madala, muziwauza kuti mwabwera kudzaona mita," anatero Brodie, woyang'anira gulu lawo. "Akakulowetsani, mwawina."

"Bo-bodza ayi."

"Ndiye Lachisanu likafika musanasainitse munthu, mubweze yunifolomu."

Tsiku la galulo Des atafika kunyumba, mkazi wake Noeleen anaona thalauzi lija n'kufa nalo phwete. Koma atamuyang'ana kumaso, analeka.

"Tuluka panja, nkhalamba iwe. Gogoda."

Des anagogoda pachitseko cha kukhitchini.

"Ndani? Choka, ndikuonera mpira!" Chitseko phwa!

"Gogodanso!" anakuwa ali m'katimo.

Madzulo amenewo Noeleen anasanduka chidakwa, kenako gogo wosamva, kenako mayi woganiza kuti Des wabwera kudzamufunsira. Des anaseka mpaka kutsamira khoma, ndipo ali m'kati moseka anafotokoza zonse za magetsi, mawu osakodwa pena paliponse.

"Wamva?" anatero Noeleen, akumukonza kolala. "Chimakumanga lilime ndi kubisa. Uziwauziratu, wokondedwa. Akudikire."

M'mawa mwake, pakhomo loyamba anatsegula bambo wamkulu thupi, wovala kabudula.

"Ndine wa-wachibwibwi," anatero Des. "Mu-mukandipirira, ndimaliza."

Chitseko chinatsekedwa. Chachiwirinso chimodzimodzi. Koma dzuwa litapendeka, mayi wina wonyamula khanda anamuyang'ana n'kunena, "Bambo anga ankalankhula choncho. Khalani pamthunzipa, musafulumire." Anamupatsa madzi ozizira, n'kutulutsa bilu yake ya magetsi. Des anafotokoza pang'onopang'ono, poti mwachangu sakanatha. Mayiyo anafunsa mafunso ake onse, n'kusaina.

Yunifolomu sanabweze. Sikuti zinthu zinafewa: ankatukwanidwabe, nsapato zinkatha, ndipo ena ankawauza yekha kuti kampani yawo ili bwino, asasinthe. Anzake olankhula ngati wailesi ankasainitsa ambiri kumuposa, koma anthu awowo ankaimba foni m'mawa mwake kukana. Anthu a Des sankabwerera m'mbuyo, chifukwa anali atamva chilichonse.

Chaka chisanathe, kampani inamupempha kuti aziphunzitsa atsopano kalankhulidwe ka pakhomo. Des, wachibwibwi!

Noeleen yekha ndiye sanasainebe mpaka lero. Akuti wogulitsayo ndi wooneka bwino, azibwerabe.

Inu amene mwatsekeredwa zitseko mpaka mwayamba kudzida, mwina chimene mukuchita nacho manyazicho sichoyenera kubisa. Chitchuleni, pezani wokukondani woti museke naye, mawa mukagogodenso. Mtima usagwe, abale anga.