Moni wa Ababa ndi Kachopanira ka Pachala

Bambo anga sapereka moni wachidule. Kwathu ku Marka, mwamuna wolemekezeka akalandira mlendo amayamba waomba m'manja pang'onopang'ono, zikhatho atazikumba ngati wafumbata dzira, kenaka n'kufunsa za kumudzi mmodzimmodzi mpaka afike pa mbuzi. Ababa mwambo umenewu amausunga kuposa mmene amasungira mankhwala, ndipo moni womwewo unatsala pang'ono kutilanda munthu.

Anadwala chibayo nyengo yotentha, ija ngakhale galu amachita ulesi kuuwa. Tinawatengera kuchipatala, ndipo atawayeza anawagoneka m'kachipinda ka odwala kwambiri, ka mabedi ochepa, kozizira bwino moti ine wowadikirira ndinkachita kusirira. Anawaika timapaipi ta mpweya m'mphuno, ndipo pachala anawapana ndi kachipangizo konga chopanira zovala pachingwe. Namwino wa m'chipindamo, mayi wamtali wosakonda kubwereza mawu, anandifotokozera kuti kachopanirako kamayeza mpweya wa m'magazi ndi kugunda kwa mtima. Manambala ake amaoneka pamakina a pambali pa bedi, pa kanema wa patebulo la anamwino, komanso kwa dokotala wina ku Blantyre amene amayang'anira odwala akutali ali pampando wake. Mpweya ukatsika, kapena kachopanirako kakachoka, makina amalira.

"Chala ichi si chanunso, bambo," anatero namwinoyo. "Ndi chathu mpaka mutuluke."

Ababa anagwedeza mutu kuvomera. Ine mwana wawo ndinadziwiratu kuti avomera bodza.

Atangoyamba kupezako pang'ono, abale anayamba kufika masana, ena paminibasi, ena pakabaza. Ankawalowetsa awiriawiri. Mlendo akangoima pambali pa bedi, ababa ankavula kachopanira kaja, kukaika bwinobwino pabulangete, n'kuyamba kuomba m'manja. Makina nawo osachedwa, piii, piii. Namwino ankabwera chothamanga, n'kupeza wodwala wake ali mkati mofunsa za chitowe cha kudimba.

Ndinawakalipira. Pakamwa panga sipachedwa, amandidziwa onse pamsika wa pa Nsanje pamene ndimagulitsa mbatata. Ndinati, "Ababa, mukufuna moni kapena moyo?"

"Mwananga," anayankha akupumira m'mwamba, "munthu wachoka kutali, ine ndingomuyang'ana ngati ng'ona? Ndikafa ndife ndili ndi ulemu wanga."

Kenaka anabwera amalume, achimwene awo a mayi anga. Amakonza njinga pansi pa mtengo wa nimu, ndipo chifukwa cha ntchito imeneyi amakhulupirira kuti palibe makina owaposa nzeru padziko lino. Tsiku limenelo ndinawasiya awiriwo akuyamba kumene moni, ine n'kupita kukhitchini ya odikirira odwala kukatenga phala. Ndikutuluka ndinamva makina aja akulira, ndipo ndisanafike pakhomo anasiya. Mumtima ndinati zikomo, lero ababa amva.

Pobwerera ndinapeza m'chipindamo muli zii. Manambala apamakina anali okongola kuposa masiku onse. Ababa anali atatsamira pilo, maso otseka pang'ono, ndipo amalume anakhala pampando mwaulemu, chipewa chili pamaondo, dzanja limodzi pansi pa chipewacho. Ndinasangalala, sindibisa. Ndinaika phala pakabati n'kunong'oneza amalume kuti mapemphero athu ayankhidwa. Iwo anangomwetulira ngati munthu amene wathandizapo.

Posakhalitsa namwino uja anatulukira, foni ili m'manja, mawu a mayi wina akumveka mokweza. Anali dokotala wa ku Blantyre uja.

"Bambo a pabedi la pawindo," ankatero, "mtima wawo umathamanga m'mawa wonse, mpweya ukuvutavuta. Mwadzidzidzi zonse zakhala bwino ngati munthu sanadwalepo. Chibayo sichichira choncho. Taonani chala chimenecho."

Namwino anakweza dzanja la ababa. Lopanda kanthu. Anakweza linalo. Lopanda kanthu. Anatsatira waya ndi maso, ndipo wayayo anakalowa pansi pa chipewa cha amalume.

Anavundukula chipewa, kuchotsa kachopanira pachala chakuda ndi girizi, n'kukabwezera kwa mwini wake. Makina analira pomwepo, kulira kwina kumene sindinakumvepo. Ndi pamene ndinaona zimene maso anga anadumpha chifukwa chokondwera ndi manambala. Timapaipi ta mpweya tinali titasomphoka pamene ababa ankadzuka kuti aombe m'manja, ndipo tinkapemerera chibwano. Milomo yawo inali itatuwa. Sanali m'tulo ayi, mpweya unali ukuwathera.

Namwino anabwezera timapaipi, kukweza kumutu kwa bedi, kuwonjezera mpweya, uku dokotala akumuuza zochita pafoni. Ine ndinangogwira phazi la ababa n'kumayang'ana manambala aja, tsopano oipa koma oona, akukwera pang'onopang'ono. Ndinachita mantha kwambiri, ndipo mpaka lero ndikamva minibasi ikulira piii pobwerera m'mbuyo, mtima umadumpha.

Makina atatonthola, mkwiyo wanga unadzuka. Ndinaiwala kuti ndi amalume.

"Mwaganiza chiyani, inu? Ababa ndi njinga?"

"Mphwanga, ndimati ndithandize," anatero atagwira chipewa ndi manja awiri. "Kanthuka kamangofuna chala basi. Ndinaona asisitala akuvutika ndi kuthamanga, ndiye ndinati ndiwasungire alamu mpaka amalize moni. Ine ndikanadziwa bwanji kuti ku Blantyre akundiona?"

"Safunsa anadya phula," anatero namwino, koyamba kumumva akunena mwambi. "Koma mtima wanu uli bwino, bambo. Izo ndiye tatsimikiza."

Ababa anatsegula maso, n'kuyang'ana uku ndi uku. Tonse tinawerama kuti timve mawu awo oyamba.

"Alamu," anatero motsitsa, "ng'ombe ija inabereka?"

Ndinaseka misozi ikutuluka. Pafoni paja dokotala anafunsa kuti n'chifukwa chiyani wodwalayu amavulavula kachopanira, ndipo namwino anamufotokozera za moni wakwathu. Kenaka dokotalayo anati, "Kodi amaombanso ndi mapazi?" Kuyambira tsiku limenelo kachopanira kanasamukira kuchala chakuphazi, atakamata ndi pulasitala, ndipo timapaipi anatimatanso pamasaya. Ababa ankaomba m'manja mmene afunira, makina ali phee. Amalume ankabwerabe, koma manja ankawaika pamwamba pa chipewa, poonekera.

Tsiku lotuluka ndinamanga katundu msanga, poopa kuti minibasi itisiya. Ababa anavala jekete lawo pa kutentha konse kuja, anatsanzika namwino, koma anakana kudzuka pabedi.

"Pali munthu mmodzi sindinamulonjere," anatero. "Wandilondera masiku onsewa, nkhope yake sindiidziwa. Ndingapite bwanji?"

Namwino anayang'ana wotchi, anapumira m'mwamba, n'kuimbira foni dokotala wa ku Blantyre uja. Pafoni panaoneka mayi wachitsikana wamagalasi, wocheperapo kwa ine, maso otopa. Ababa anakhala tsonga, anakumba zikhatho zawo, n'kuyamba kuomba pang'onopang'ono.

"Takhuta, mai," anathokoza m'Chisena. "Takhuta maningi. Kodi kunyumba ali bwanji? Makolo alipo?"

Dokotala uja anatsamiritsa foni yake penapake kuti manja amasuke. Anayesa kukumba zikhatho ngati mmene anaonera, anaphonya pang'ono, n'kuomba nayenso. Anayankha kuti mayi ake alipo, koma bambo ake anamwalira iye ali kusukulu.

Ababa anasiya kuomba. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye ukadzafika kuno kuchigwa, mwananga," anatero, "ufunse njira ya ku Marka."