Nyimbo ya m'Chigafa

Ntchito yanga ndi yopeka nyimbo za masewero a pa kanema. Chaka china anandipatsa sewero la alimi a fodya, koma mutu unauma gwa, masabata awiri osapeka kanthu.

Ndinapita kwawo kwa mkazi wanga ku Wimbe, nthawi yosoka fodya. Tsiku lina masana ndinamva apongozi anga aakazi akuyimba okha m'chigafa. Ha, nyimbo imene ija! Ndinabisala kuseri kwa nkhokwe n'kuijambula pa foni. Nanga ndikanawafunsa bwanji? Mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso, tikakumana panjira wina amapatuka. Mkazi wanganso sindinamuuze, ati ndidzamudabwitse. Uchitsiru wanga unali pamenepo.

Nditabwerera ku Lilongwe ndinaikamo gitala ndi ng'oma, mawu a apongozi n'kuwasiya momwemo. Tsiku loyamba kuonetsa sewerolo, mkazi wanga anangoima chilili, mbale ili m'manja.

"Bambo, mwaitenga kuti imeneyi?"

"Kwanu komwe. Si yokoma?"

"Ndi ya kuchinamwali, inu! Mwaiwala kuti amayi ndi mlangizi kumpingo?"

Nyimbo zimenezo mwamuna sayenera kuzimva, ndipo mpingo wathu unaziletsa kalekale. Ndinaimbira mwini sewero kuti aichotse msanga. Anangoseka. "Achimwene, anthu aikonda, ili kale m'mafoni." Zoonadi, pa Chamama, kufupi ndi kwawo kwa mkazi wanga, ankaiika m'magolosale, ndipo aliyense ankadziwa mwini mawuwo.

Akulu a mpingo anaitanitsa apongozi. Ndinakwera minibasi n'kukagwada pamaso pa akuluwo. Ndinati wolakwa ndine, mayiwa ankangodziyimbira m'chigafa mwawo. Mkulu wina anandiyankha.

"Tamva. Koma mawu akumvekawo ndi anu kapena ndi awo?"

Apongozi anawachotsa pa ulangizi, n'kuwaimitsanso mgonero.

Potuluka tinakumana ndi apongozi pakhomo. Ndinati ndipatuke, koma iwo anaima pomwepo n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirireni mwana wawo.

"Apongozi, mukanangotuma mkazi wanu kudzandifunsa."

Sewero lija linanditsegulira ntchito zambiri, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Chaka chatha ndinapitanso ku Wimbe nthawi yosoka fodya. Foni ndinaisiya m'nyumba, n'kukhala pakhonde tsiku lonse. Apongozi anali m'chigafa kuyambira m'mawa, koma munkangomveka masamba okha.