Khosi la Thanki ya Vaneti ya Atate

Ndinadzuka kusanache, moto wa pasiwa utatsala makala okhaokha. Amuna anali atagona pa masaka kuzungulira motowo, ena atafunda majasi a ku njanji. M'nyumba amayi a mumpingo anali atasiya kuyimba, kumangomveka mmodzi akutsokomola. Ine sindinaone tulo kwenikweni. Mtima wanga unali pa vaneti ya atate, imene inaima pansi pa mango kuseri kwa nyumba yathu ku Nangongwe, matayala atayamba kumira m'matope.

Atate anabwera ku Kafue kuchokera kum'mawa ali mnyamata, ndipo anagwira ntchito ya njanji mpaka msana unakana. Dziko litalandira ufulu, mzungu wina wa pafamu amene ankasamukira kum'mwera anawagulitsa vanetiyo, yokalamba kale ngakhale pa nthawiyo. Nayo ankatenga nsomba ku Chanyanya, kabichi ku Shimabala, komanso maliro a anthu ambiri a m'komboni mwathu. Atadwala anauza amayi kuti iwo asadzapite kumanda pa lole ya kampani ngati thumba la feteleza. Anyamula akufa a eni ake zaka zonsezi, ndiye tsiku lawo adzakwere galimoto yawo. Amayi anavomera. Madzulo, kutatsala tsiku limodzi kuti tiike maliro, amayiwo anandiitana m'chipinda n'kundiuza kuti lonjezo limenelo lili m'manja mwanga.

Vuto linali lakuti galimotoyo inalibe pothirira petulo. Khosi la thanki, chipayipi chachitsulo chokhota chimene chimachokera pa chivindikiro cha m'mbali n'kutsikira ku thanki pansi, atate analichotsa chifukwa linachita dzimbiri n'kuyamba kudontha. Analiwotcherera bwinobwino n'kulipachika pa msomali m'khitchini, kuti adzalibwezeretsa akapeza bwino. Sanapeze bwino. Ine ndinkagwira ntchito pa makina oluka nsalu ku fakitale yatsopano. Za magalimoto ndinkangodziwa kupatsira atate sipanala, nayonso kawirikawiri yolakwika. Komabe ndinati, payipi imodzi ndi mabawuti atatu zingandikanike bwanji? Dzuwa likamakwera ndikhala nditasamba, nditakhala pafupi ndi bokosi monga mwana woyamba. Kunali kudzinamiza kumeneko.

Kutangoyera pang'ono ndinayala saka m'matope n'kukwawira pansi pa galimoto. Kukamwa kwa thanki atate anatsekako ndi chitsononkho chokulunga m'kansalu kuti fumbi lisalowe. Ndi chinyezi cha mvula chinali chitafufuma, chagwira nganganga. Ndinachikoka ndi pulayala, chinangoti thyo, theka n'kutsalira m'kati. Ndikanachikankha chikanagwera mu thanki, ndipo zinyalala zake zikanatseka njira ya petulo tili pakati pa msewu. Ndinayamba kuchikolowola pang'onopang'ono ndi sipoko ya njinga. Dzimbiri linkagwera m'maso mwanga, ndikalipukuta ndi dzanja ndiye kuwonjezera.

Pansi pa galimoto munthu suona nkhope za anthu, umangoona mapazi. Ndinaona mapazi a amayi akudutsa ndi nkhuni ndi migolo ya madzi, utsi wa moto wophikira ukukwawa pansi mpaka kundipeza. Ndinaona majombo a anthu a ku njanji, nsapato zoyera za amayi a mumpingo, mapazi opanda kanthu a asodzi. Gulu lililonse likamafika linkayambira kulira patali, a m'nyumba n'kulandira. Kulira kunkakwera, kutsika, kenako kukweranso, mpaka makutu anga anakuzolowera.

Nsapato yakuda yopukutidwa bwino inandimenya pa chidendene. Anali atate aang'ono, mng'ono wawo wa atate, amene anafika dzulo lake pa basi kuchokera kumudzi n'kutenga ulamuliro wa maliro onse.

"Iwe, tuluka uko. Mwana woyamba agona pansi pa galimoto tsiku loika atate ake? Anthu akutiseka. Lole ya ku ntchito kwako yafika, ndipo dalaivala akuti masana ayenera kuibweza."

Ndinayankha ndili chigonere kuti ndi mawu a atate, ndipo amayi anavomera. Iwo anati mkazi wamasiye sakonza maliro, ntchito yake ndi kulira. Anati ikakwana nthawi bokosi likwera chimene chikuyenda, basi. Nsapatoyo inachoka. Ndinaluma mano, chifukwa munthu amene anangofika dzulo, amene sanachapeko ngakhale shati imodzi ya wodwala, ndiye ankandiphunzitsa ulemu.

Chitsononkho chitatuluka ndinatenga khosi lija. Ndinalilowetsa kuchokera pamwamba, pa bowo la m'mbali, koma pokhota pake panakakamira pa sipuling'i. Ndinalitembenuza, linagunda chitsulo cha pansi. Ndinalitulutsa, kuliyang'ana, kulilowetsanso, chimodzimodzi. Atate ankalichita bwanji? Ndinawaonapo akugwira ntchito imeneyi, koma maso anga anali kumpira umene anzanga ankasewera kumsewu. Pomaliza ndinaliyesa kuchokera pansi, mutu wake kutsogolo, ndikulipotoza pang'onopang'ono, ndipo linangoti lowu lokha ngati silinavutepo. Zala zanga zinali zitasupuka.

Chinatsala ndi kalabala kakafupi kolumikiza khosi ndi kukamwa kwa thanki. Kanali kouma gwa. Nditangokakankha kanang'ambika kuchokera uku mpaka uko.

Apa ndinakwiya, ndipo ndinakwiyira atate omwewo ali m'bokosi. Munthu wosamala chonchija, wowotcherera chitsulo mosadontha, analephera bwanji kugula kalabala? Pofika nthawiyi mwamuna aliyense pamaliropo anali atasanduka makanika. Anaunjikana mozungulira galimoto, aliyense ndi nzeru zake. Wina anati ndimange ndi malegeni, ngati sadziwa kuti petulo amadya chubu cha njinga. Wina anati ndingothira petulo molunjika mu thanki n'kutsekanso ndi chitsononkho china. Ndinamuonetsa payipi ya utsi imene inadutsa pafupi pomwepo, n'kumufunsa ngati akufuna tikaike atate kapena tikawaotche panjira. Anachoka akung'ung'udza kuti ana a masiku ano alibe mwambo. Palibe ngakhale mmodzi amene anadetsa bondo lake kuti andigwirire chitsulo.

Panali mdala wina wogulitsa nsomba, mnzawo wa atate wakalekale, amene anali ndi vaneti yofanana ndi yathu. Iye sanapereke nzeru iliyonse. Anasuzumira, anatenga kalabala kong'ambikako, n'kukwera njinga ya munthu wina. Atabwerako manja ake ankanunkha petulo, ndipo anandiponyera labala yabwinobwino pa chifuwa.

"Nachosa ku motoka yanga, mwana. Unibwezele lelo lomwe, mailo kuseni nifunika ku Chanyanya." Ankatanthauza kuti mawa lake m'mamawa anali ndi ulendo wokatenga nsomba.

Labalayo inali yothina. Mayi wina wotsuka mbale anandipatsa kachidutswa ka sopo, ndinapaka m'kati, ndipo inalowa mbali zonse ziwiri. Ndinamanga kilampu yoyamba, kachitsulo kofinyira labala kuti isavuke. Yachiwiri ndinaiika chozondoka, mutu wa sikuluwu utayang'ana chitsulo moti sikuludalaivala sinkafikako. Ndinachita kuvulanso labala yonse kuti ndiitembenuze. Mitambo inali itada, ndipo ndinamva dalaivala wa lole akuliza huta kumsewu.

Ndili pakati pa zimenezi kulira kunakwera kwambiri m'nyumba, nyimbo n'kuyamba. Mapazi onse amene anandizungulira anachoka limodzilimodzi. Ndinaganiza kuti afika achibale amene tinkawayembekezera pa sitima, ndipo kunena zoona ndinakondwa kuti amakanika anga andisiya. Ndinalimbitsa makilampu onse awiri, ndinatuluka theka la thupi kumanga mabawuti atatu a pamwamba, ndinabwereranso pansi kukayesa ngati khosi likugwedera. Silinagwedere.

Ndi pamene ndinamva hamala. Go, go, go. Kenako chete. Go, go, go.

Ndinadzigunda mutu pa chitsulo potuluka. Ndinathamanga momwemo, matope kumsana, girisi kumaso, kukankha anthu pakhomo. Ndinapeza kalipentala akukhoma msomali womaliza. Mwambo woona nkhope unali utatha. Komboni yonse inadutsa pa bokosipo, ngakhale anthu amene sankawadziwa atate dzina, koma ine ayi. Atate anamwalirira m'chipatala ine ndili pa shifiti, choncho chiwatengereni kumeneko sindinawaonenso.

Ndinapempha kuti atsegule pang'ono chabe. Atate aang'ono anati bokosi likakhomedwa silizulidwa misomali, kwathu sizichitika. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti paja ndinali ndi ntchito yanga yofunika. Akulu a mpingo akanapanda kuima pakati pathu, sindidziwa chimene ndikanachita. Amayi anali pa mphasa pakona, chitenje chitaphimba mutu, ndipo sanadzutse maso.

Tinathira petulo wa m'chigubu ine nditagwada, ndikuyang'ana pa labala. Sipanadonthe. Batire inali itafa, ndiye amuna anakankha, mdala wa nsomba ali pa chiwongolero. Injini inatsokomola, inazima, anakankhanso, kenako inalira n'kutulutsa chiutsi chakuda chimene chinabalalitsa amayi ophika nshima. Bokosi linakwera pa vaneti, amayi a mumpingo n'kukwera lole.

Ndinakhala kumbuyo nditagwira bokosi kuti lisatsetsereke. Tinayenda pang'onopang'ono, anthu a pansi akuyimba m'mbuyo mwathu. Tinadutsa nyumba zatsopano za anthu a ku mafakitale, ndipo amuna amene ankakumba ngalande m'mbali mwa msewu anavula zipewa. Ena anaizindikira galimotoyo n'kuyamba kuilozerana. Mvula inayamba kuwaza. Ine m'malo molira ndinkangoweramira m'mbali pa dzenje lililonse, kununkhiza ngati petulo akudontha. Kumanda abusa anafupikitsa mawu chifukwa cha mvula. Ndinaponya dothi ndi dzanja lakuda ndi girisi, maso anga ali pa khosi la atate aang'ono, ndikulumbira mumtima kuti munthu ameneyu sindidzamupatsanso moni.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika. Mabenchi a mpingo anabwezedwa, miphika yobwereka inapita kwa eni ake, pabwalo panatsala phulusa lonyowa. Achibale otsala anali m'nyumba, atatopa, ena akuwodzera. Ine ndinali ndi labala ya mwini yoti ndibweze, choncho ndinayalanso saka lija kusanade kwenikweni.

Kuchotsa sikunavute n'komwe. Mabawuti atatu, makilampu awiri, kupotoza kamodzi, khosi n'kutsikira m'manja mwanga. Zimenezi zinandiwawa kuposa za m'mawa. Chinthu chimene chinandidyera nkhope ya atate chinatuluka madzi a tiyi asanawire.

Ndinaona kuwala kukubwera, ndi mapazi a amayi. Anali atanyamula koloboyi, ine thanki ili yotsegula pamwamba pa nkhope yanga. Ndinawakalipira kuti achotse moto, akufuna kutipha? Amenewo ndiwo anali mawu anga oyamba kwa iwo tsiku lonselo. Anauzira nyaliyo n'kukhala pansi pafupi ndi tayala, pa dothi lonyowa.

Ndinakhuthula zonse ndili pansi pomwepo. Ndinati mlamu wawo wandichita chipongwe dala, kutuma munthu kuseri kwa nyumba kunali chiyani, ndipo mawa achoke pakhomo pano. Amayi anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Alamu anga anafuna kukuitana," anatero. "Anatuma munthu kawiri. Ndinaletsa ndine."

Ndinatsitsira chitsulo chija pa chifuwa.

"Ukanalowa m'nyumba muja akanakukhazika pafupi ndi bokosi, sukanabwereranso pansi apo. Atate ako akanakwera lole. Ndinasankha ndine, mwananga. Ukafuna kukwiya, kwiyira ine."

Ndinafunafuna mkwiyo umene ndinaunyamula tsiku lonse, koma unalibenso poponda. Patapita nthawi ndinafunsa kuti atate ankaoneka bwanji. Amayi anati matenda anawasintha kwambiri, sindikanawazindikira, palibe chimene ndataya. Ndinadziwa kuti akunama, ndipo iwonso anadziwa kuti ndadziwa.

Anadzuka movutikira atagwira tayala, n'kulowa m'nyumba mumdima. Ndinatsala pansi pa galimoto mpaka udzudzu unandithamangitsa. Mpaka lero amayi sindinawathokoze pa zimene anachita tsiku lija, ndiponso sindinawadzudzule.