Wotchola Tiyi Amene Ankaopa Kupendeka

Abale anga, tsiku limene Tisungane analephera kachiwiri mayeso oyendetsa ndege, analira ngati wafedwanso. Mwana wamasiyeyu anakulira m'minda ya tiyi ku Thyolo, dengu kumsana, mame m'miyendo. Mayi ake asanamwalire ankamukalipira pamtsetse: "Usapendeke iwe! Masamba akatayika, akapitawo atithamangitsa."

Atakhoza bwino Folomu 4, bungwe lina lothandiza anthu pangozi linamutumiza kusukulu ya ndege. Koma mawu a mayi aja anakwera naye limodzi.

Kandege kakang'ono kamabisa zimene zili pansi pake penipeni. Kuti uone, umatsitsa phiko limodzi, ndege n'kupendeka, iwe n'kumazungulira ukusuzumira pazenera la m'mbali. Tisungane akangoyesa, msana unkauma gwa, manja n'kuwongola ndege okha.

"Achemwali, woyendetsa ndege wosaona pansi tipita naye kuti?" anatero aphunzitsi ake, a Justice. "Mukalepheranso, mubwerera kudengu."

Mawa lake anakweranso ndege n'kuyambiranso kuphunzira. Kachitatu anakhoza, koma mantha sanamuchoke.

Kenako kunadza namondwe. Mapiri anagumuka, milatho inakokoloka. Bungwe lija linamutuma kukasaka anthu cha ku Khonjeni, kwawo, kumene kunali mng'ono wake Cathy ndi khanda lake. Anadutsa pamwamba pa mudzi ali chiwongokere, ndipo anaona matope okhaokha. Nyumba zonse psiti! Mitambo inkatsika, chigwa chopapatiza, mtima ukuti bwerera.

"Mayi, mundikhululukire," anatero misozi ili mbwe. "Lero ndipendeka."

Anatsitsa phiko lakumanzere mpaka minda ya tiyi inaima ngati khoma pazenera. Anazungulira. Pamalo omwe aja anadutsa osaona kanthu panali chulu, anthu atapanikizana pamwamba pake, wina akukupiza chitenje. Anaitana opulumutsa pawailesi.

Cathy panalibe. Matope anamutenga, ndipo mpaka lero manda ake sadziwika. Koma khanda lija linali pachulupo, kumsana kwa mayi wina woyandikana nyumba ndi Cathy. Dzina lake ndi Queen, ndipo pano akukulira m'manja mwa Tisungane.

Inu owerenga, sindikunamizani kuti mukalimbikira misozi yonse itha, ayi ndithu. Koma mantha amene anakusungani dzana asakutsekeni maso lero. Musagwe mphwayi. Tisungane akanapanda kupendeka, Queen akanafera pachulu.