Rozina sankayankha tikamuitana

Dzulo kuwodi kwathu, pachipatala chimene ndimagwira ntchito ku Nedlands kunja kuno, tinapeza mayi wokalamba wa ku Cambodia atadzipanikiza kuseri kwa chitseko. Mwana wawo anandinong'oneza kuti boma la chikomyunizimu linapha abale awo onse, ndipo iwo anapulumuka pobisala m'munda wa mpunga. Nditawagwira dzanja, ndinakumbukira Rozina.

Ndili mwana, Rozina anafika kwathu ku Ntcheu ndi amayi ake, kuthawa nkhondo ya ku Mozambique. Anali wamsinkhu wanga, mapazi ong'aluka, diresi lonunkha utsi. Tsiku lina masana ine ndi anzanga tinamuphunzitsa chibisaliro. Tonse tinapezana, koma iye ayi. Tinafuula dzina lake m'chimanga mpaka kukhosi kuuma. Ine ndinapsa mtima, ndinkati ndi matama ofuna kupambana.

Ndinathamangira kwa amayi ake. "Mayi, Rozina akubera! Tikumuitana, sakuyankha."

Anasiya mtondo, nalowa m'munda akuyerekeza kulira kwa njiwa pomuitana. Posakhalitsa udzu wa m'ngalande unagwedezeka. Rozina anatuluka nyerere zili thupi lonse, milomo itatupa ndi kudziluma kuti asalire.

"Mwanawe, musamachite naye masewerawa," anatero mayiwo akumusasa nyerere. "Ndinamuuza kuti akabisala asayankhe munthu, ngakhale womutchula dzina. Mlongo wake anayankha."

Ine ndinafunsa kuti mlongo wakeyo ali kuti, bwanji osabwera tidzasewere naye. Mayiwo anangondisisita kumutu.

Ndinakula, ndinabereka ana anga, ndipo m'pamene ndinamva chimene mayi aja anandiuza tsiku lija.