Dzinja Limene Ndinafulatira Bolodi

Mvula ikamagunda pa malata, mpaka lero ine ndimakumbukira tchalitchi chathu chakale cha kufupi ndi Chinakanaka, chimene pakati pa sabata chinkasanduka sukulu. Malata ake anali otha ntchito, ochokera ku esiteti ya tiyi, a zibowo za misomali paliponse. Mvula ya ku Mulanje mukuidziwa, siigwa mocheza. Imatsika m'phiri yakuda bii, ndipo ikafika padenga lija munthu sunkamva ngakhale chifuwa chako chomwe. M'katimo munkanunkha malaya onyowa, utsi wa m'nyumba zathu, ndowe za mileme ndi makoko a mango amene tinkabisa kuseri kwa mabenchi. Pakhomo pankaunjikana masamba a nthochi amene tinkafunda pobwera.

Munali m'zaka za m'ma 1950, ine ndili mnyamata wamkulu kale koma ndili m'kalasi yoyamba, chifukwa ndinachedwa ndi kuweta mbuzi. Makalasi awiri ankaphunzirira m'chipinda chimodzicho, mofulatirana. Kuguwa kunali ahedi ndi ana akuluakulu, kukhomo kunali ife. Dzinja limenelo anatitumizira mnyamata wochokera kusukulu ya aphunzitsi, a Magombo, kuti adzayesere ntchito pa ife. Anali wowonda, wa kabudula wa khaki wosita bwino ndi masokosi ofika m'maondo. Ahedi, munthu wosabisa mawu, ananena ife tikumva kuti kumapeto kwa teremu kudzabwera woyesa, ndipo akadzapeza kuti mnyamatayu sangathe kugwira kalasi, setifiketi sadzaiona, adzabwerera kwawo kukalima.

Vuto la a Magombo linali mawu. Anali ndi timawu tating'ono, tosalala, toyenera kupepesera apongozi. Tsiku loyamba lomwelo tinawapatsa dzina lakuti Udzudzu. Akati ayambe kuphunzitsa, ana a ahedi ankayamba kuimba masamu awo kumbuyo kwathu, mvula n'kubwera pamwamba, ife n'kumangoona milomo ikugwedezeka. Ndiye tinkayamba zathu. Ambiri kunyumba tinkayankhula Chilomwe, chimene iwo sankamva, choncho tinkawanena pamaso pawo iwo akumwetulira. Choko chinkanyowa n'kukana kulemba. Tsiku lina anatenga ndodo n'kukwapula mnzanga wina, koma mnzangayo anangoseka. Poweruka ankakhala okha pa benchi atagwira pakhosi.

Tsono ine, mawu ndinabadwa nawo. Sindikudzitama, funsani aliyense wa kwathu. Ndikaitana mbuzi tsidya lino la mtsinje, za tsidya linalo zinkadzutsa mitu. M'mawa wina a Magombo anandimva ndikuitana mlongo wanga amene anali kutali kumunda wa chinangwa, ndipo anaima n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Titalowa m'kalasi anati, "Bitoni, tabwera kuno. Ine ndizinena, iwe uzibwereza kuti anzako amve."

Anandiimika pa njerwa kutsogolo, nkhope kwa anzanga, msana ku bolodi. Iwo ankaloza ndi kamtengo n'kunena chapafupi ndi khutu langa, ine n'kukuwa, kalasi yonse n'kuyankha. Abale, kalasi inasintha! Mvula inagonja. Ana a ahedi anayamba kutembenuka kuti aone kuti kukuchitika zotani. Mayi anga ankandimva ali kupalira chimanga, ndipo ankauza anzawo kuti, "Ameneyo ndi wanga, akuphunzitsa." Ndinayamba kuyenda chifuwa chili patsogolo. Anzanga ankandipatsa mango kuti ndisawatchule akalongolola, ndipo ndinkalandira, bwanji osalandira. A Magombo nawo anayamba kunenepa kumaso. Choko ankachiumitsa pamoto kunyumba kwa ahedi kumene ankagona, n'kumachisunga m'thumba la malaya.

Zinayenda choncho mpaka chimanga chinamasula ngayaye. Ndiye tsiku lina kunja kuli ngwee, anayamba kuitana ana mmodzimmodzi kuti awerenge zimene analemba. Tiana tating'ono, tamamina, tinawerenga. Pomaliza anati, "Iwenso Bitoni, tembenuka, utiwerengere." Ndinatembenuka. Bolodi lija ndinaliona ngati ndikuliona koyamba, timizere toyera tokhotakhota ngati mapazi a nkhuku pamatope. Zonse zimene zinali pamenepo ndinali nditazikuwa ndi pakamwa panga, koma panalibe chimodzi chimene ndinachizindikira. Ndinadikira kuti andinong'oneze. Sananong'one. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana njerwa ija.

M'mawa mwake njerwa ija inali panja. Anandikhazika pansi kutsogolo kwenikweni, pakati pa tiana, nkhope ku bolodi, sileti m'manja. Ndinakwiya kwambiri. Anzanga anayamba kundifunsa kuti, "Aphunzitsi aang'ono, ntchito yatha?" Mango anasiya kubwera. Ahedi nawo sanakondwe. Ndinawamva pakhomo akuti, "Inu a Magombo, mwapenga? Woyesa ali pafupi. M'gwiritseni ntchito mwanayu mpaka mukhoze, zinazo mudzaziona pambuyo." Iwo anayankha ndi timawu tawo tija kuti, "Pepani bambo, mwanayu anabwera kudzaphunzira, sanabwere kudzandigwirira ntchito."

Masiku otsatira zinavuta ngati poyamba. Mawu awo anasasa mpaka ankamwa madzi otentha a mandimu. Ine ndinkakhala chete dala, manja ndili pindepinde, kudikira kuti andipemphe. Koma pang'onopang'ono munthu uja anayamba kupeza njira zake. Anachotsa mabenchi n'kutisonkhanitsa pafupi, mozungulira bolodi, maondo kugundana. Anaphunzira kuyang'ana phiri pakhomo. Likayamba kuda, ankafulumira kunena zonse zofunika kunena. Mvula ikafika, ankakweza dzanja, kutseka pakamwa, n'kuyamba kulemba, ife n'kumatsatira pa masileti, iwo akuyenda chowerama kugwira dzanja la aliyense. Anapempha ahedi kuti aziimbitsa masamu pa nthawi imene ife tikulemba. Anatola timawu ta Chilomwe, ndipo tsiku lina atatiyankha tikuwanena, tinachita manyazi mpaka dzina la Udzudzu linayamba kufa. Chodabwitsa n'chakuti poti ankayankhula motsitsa, ife tinkakhala chete kuti timve. Dzanja langa analigwira kambirimbiri. Zala zawo zinali zozizira, zoyera ndi choko.

Woyesa anabwera pa njinga yamoto, mkulu wa magalasi, matope mpaka m'maondo. Anakhala kumbuyo osaseka. A Magombo atangoyamba, phiri linada. Mvula ya tsiku limenelo inali yoopsa, denga linkalira ngati likung'ambika, madzi akudontha m'zibowo zonse. Ahedi anasuzumira n'kundilozera ndi chibwano kuti ndiimirire. Ndinadzuka theka, mpweya nditakoka kale, wokonzeka kuwapulumutsa. A Magombo anandiyang'ana, thukuta lili pamphuno, n'kutsitsa dzanja kuti ndikhale pansi. Ndinakhala.

Anakweza dzanja lija, kalasi inati zii. Analemba, ife tinalemba. Kenako anayamba kupereka choko kwa ana kuti akalembe pa bolodi, osanena liwu limodzi. Kamtsikana kena kanalemba "mvula", woyesa n'kugwedeza mutu. Pomaliza choko chinafika m'manja mwanga, ndipo a Magombo anandiloza pachifuwa. Ndinamva. Ndinaimirira pamalo pomwe panali njerwa ija, koma ulendo uno anzanga ndiwo ndinawafulatira. Ndinalemba dzina langa, Bitoni, zilembo zazikulu zopendekeka, choko chikulira. Chinathyoka pakati, ndinatola n'kumaliza. Woyesa anadzuka, kudzayang'ana masileti athu mmodzimmodzi, n'kupita kukayankhula ndi ahedi pakhonde mvula itakata.

Teremu itatha a Magombo anapita, atanyamula kasutikesi kawo pamutu mpaka kumsewu wa ku Chonde. Chimanga chitauma ahedi anatiuza kuti anakhoza, ndipo anawatumiza kusukulu ina kutali. Sindinawaonenso. Ineyo sukulu sindinapite nayo patali. Chaka chotsatira bambo ananditenga kukayamba ntchito ku tiyi, kenako ndinanyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula, mpaka ndinadzakhala kapitawo ku tiyi komweko. Mawu omwewa ndiwo anandidyetsa moyo wanga wonse. Ndikaitana anthu m'munda wa tiyi, panalibe wonama kuti sanamve.

Nthawi imeneyo ndinkati a Magombo anali munthu wosayamika, kapena wansanje ndi mawu anga, ndipo tsiku limene ankapita sindinawaperekeze. Ndinadzamvetsa ndili ndi ndevu kale, tsiku lina pa mzere wa ntchito, amuna anzanga akudinda chala chachikulu mu inki, ine n'kupempha cholembera. Mnyamata uja anali ndi njira yapafupi yokhozera mayeso ake, njirayo inali ine, ndipo anaikana mvula ili pamutu. Nkhaniyi akundilembera ndi mdzukulu wanga, ine ndikungonena, ndipo akudandaula kuti ndikumugonthetsa m'khutu. Koma ndamuuza kuti akamaliza asiye malo pansi pake. Dzinalo ndilemba ndekha.